Mwanenepatu, a Felizardo

Kwathu ku Tsangano, munthu akakuuza kuti wanenepa, umawomba m'manja n'kuthokoza. Mawu okoma amenewa ndi amene anathyola a Felizardo.

A Felizardo anakulira ku Ntcheu kothawa nkhondo. Mtendere utabwera anabwerera kwawo ndi bulangeti limodzi ndi msana wawo basi, ndipo msanawo ndiwo unakhala munda wawo. Pamsika ankakweza matumba a mbatatesi m'malole opita ku Tete, matumba osokerera pamwamba aja, oti amuna awiri amayamba ayang'anana kaye asanawagwire. Anali wowonda kwabasi, mwakuti anzawo ankawatcha a Chingwe. Koma chingwe chimenecho chinaphunzitsa ana onse, mpaka Iolanda, chitsirizira, anakayamba maphunziro a fiziyoterapiya ku Tete, ntchito yolimbitsa minofu ndi mfundo za odwala kuti ayambenso kuyenda.

Kenaka bondo linayamba kuvuta. Kuchipatala anawauza kuti apumule, iwo n'kuseka: kodi thumba limadzikweza lokha? Mpulumutsi anamupeza pamsika pomwepo, Osvaldo, wogulitsa mabatire, zingwe za foni ndi mankhwala a makoswe pabenchi limodzi. Pansi pa benchilo ankasungapo timapiritsi toyera, topanda bokosi, topanda dzina, tongopotokolera m'kapepala. Onyamula matumba ankatitcha "dzuka uyende". Ndipo kunena zoona, a Felizardo anadzuka n'kuyenda. Ankamwa tsiku lililonse, dzinja lonse mpaka chilimwe.

Iolanda atatsika chapa, kaminibasi kochokera ku Tete, pa tchuthi, anatsala pang'ono kuwapitirira bambo ake. Nkhope inali itazungulira ngati dzungu, mimba patsogolo, kumbuyo kwa khosi linunda. Koma bambowo atakwinya buluku kuti asambe mapazi, mtsikanayo anagwira pakamwa. Ntchafu zinali zitatha. Pamsongolo panali bala lonyowa, losapola, ntchentche zili ng'waa. Podzuka pampando ankachita kukankha mawondo ndi manja.

Zimenezi Iolanda anali ataziphunzira kale. Mankhwala a mtundu wa kortizoni amaziziritsa ululu ndi kutupa, koma munthu akawamwa miyezi yambirimbiri amadya minofu, ndipo mafupa amafumbwa m'kati monga chimanga cha anankafumbwe.

"Ababa, uku si kunenepa ayi. Komprimidu mukumwazi zikukudyani."

"Iwe mwana," anatero a Felizardo, "moyo wanga wonse ndakhala Chingwe. Lero ndayamba kuoneka ngati munthu, ndiye ukuti ndikudwala? Kushikola kwanuko amakuphunzitsani nsanje?"

Lamulungu lake potuluka m'tchalitchi, Iolanda anamva yekha. Mai Ernestina a kwaya, mnansi wawo, anafuula pakhomo penipeni: "Koma mwanenepatu, a Felizardo! Mulungu wakuonani!" Anthu anavomereza, bambo ake akumwetulira mpaka maso kubisika m'masaya. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Iolanda zinamunyansa, nakhala kumbali osapatsa munthu moni.

M'mawa mwake anapita kwa Osvaldo.

"Komprimidu zimenezi dzina lake n'chiyani?"

"Mana, mlongo wanga, ine ndimangogulitsa. Amene zinamupha ndani?"

Anatero akunyambita chala, chala chomwecho chimene anali atangomangira mankhwala a makoswe, n'kutola nacho timapiritsi ta kasitomala wina. Iolanda analavula pansi n'kuchoka.

Mtima unkamuuza kuti akataye zonse m'chimbudzi. Koma ankadziwanso kuti thupi likazolowera mankhwala amenewa limasiya kupanga akeake, ndipo kuwaleka mwadzidzidzi kungathe kupha munthu. Anawachonderera bambo ake kuti apite kwa dotolo. Iwo anati akapita mbatatesi ikatha.

Mbatatesi isanathe, anatha ndi iwo. Sanagwe palole, sanapunthwe pamwala. Anangoponda thabwa lokwerera, thumba lili paphewa, fupa la m'chiuno n'kuthyoka ngati phesi.

Bambo ake atatuluka m'chipatala, Iolanda anaimitsa maphunziro kuti awasamale. Dotolo analamula kuti mankhwala aja azichepetsedwa pang'onopang'ono, ndiye chomuwawa kwambiri chinali chimenecho: iye mwini, ndi dzanja lake, kumawapatsa bambo ake zinthu zomwe zinawathyola. Ankawapinda mwendo, kuuwongola, kuwaimiritsa atagwira khoma, iwo akutukwana chapansipansi. Mankhwala atatha, nkhope inaphwa, bala linauma, ntchafu zinayamba kubwerera. Tsiku lina anayenda okha ndi ndodo kuchoka pakhonde kukafika pamtengo wa pichesi. Iolanda anatembenukira kumbali kuti asamuone akulira.

Masana a tsiku lomwelo kunabwera Mai Ernestina kudzazonda. Atangowaona anagwira m'mutu.

"Mayo ine! Mwawonda chotere, a Felizardo? Munali mutakongolatu inu. Mwana wophunzirayu wakuchitani chiyani?"

Iolanda analowa m'nyumba kukatenga mpando, poopa kuti pakamwa pake pangatuluke zosayenera munthu wamkulu. Potuluka anapeza mlendo akutsanzika kale, atagwira dzanja la bambo ake ndi manja awiri, kwa nthawi yotalikirapo kuposa moni wamba.

Mayiyo atapita, Iolanda anayang'ana bambo ake. Dzanja lamanja linali lofumbata, ndipo pakati pa zala panatulukira kansonga ka pepala lopotokola, mapotokoledwe ake a Osvaldo.

"Ababa, tambasulani dzanja."

Sanamuyang'ane. Ankadziyang'ana pagalasi la zenera, akusisita tsaya ndi dzanja linalo.

"Iolanda, mwana wanga, undiuze zoona. Kodi ndabwereranso kukhala Chingwe?"

Dzanja lija silinatambasuke.