Mpumbu ya Ba Lukonde

Ba Lukonde Besa anafika mu Lusaka pa 3 Meyi 1971, atakwera lole ya nsomba zouma yochokera ku Luapula. Anakhazikika ku Kabwata, ndipo moyo wawo wonse unathera pa thebulo la nsomba, pomalizira pake ku City Market. Nsomba zoweta m'madamu sankazikhudza. "Izo ni nkuku za m'manzi," ankatero.

Nsomba zimene iwo ankagulitsa zinali pale wa ku Mweru, bukabuka wa ku Mpulungu, imbowa yonona ndi chisense. Koma mtima wawo unali pa mpumbu, nsomba ya milomo yokhuthala imene inkakwera mtsinje mvula ikagwa kuti ikaswane. Ali mwana ankaiona ikudumpha pa mathithi, madzi ali bii. Maukonde atachuluka, inayamba kusowa.

Mdzukulu wawo Valerie atapeza mwamuna, tsiku la chilanga mulilo linaikidwa pa 14 Juni 2025. Pa mwambowu akuchikazi amaphika zakudya zonse zakwawo n'kukaonetsa mkamwini zimene azidya m'banja. Ba Lukonde analumbira pamaso pa abale kuti mpumbu idzakhalapo, monga inalili pa ukwati wa amayi awo.

Anatuma madalaivala a mabasi a ku Mansa ndi ku Kashikishi. Onse anabwerako chimanjamanja. Ba Musonda, mnzawo wa thebulo loyandikana, anawanong'oneza: "Ba Lukonde, ikani chabe ya mu damu, muthile tomato yambili. Uja mkamwini, mwana wa ku Chelstone, azaziba chani?"

"Sazaziba," anayankha. "Koma ine nizaziba."

Tsikulo azimayi analowa kwa mkamwini, Morris, atasenza mapoto, ng'oma zikulira. Ba Lukonde anagwada, mawondo akuphwanya, n'kumavundukula mbale imodziimodzi akutchula nsomba ndi madzi amene inachokera. Atafika pa yomaliza, ng'oma zinaleka. Munalibe kanthu.

"Ba tata," anatero, "apa panafunika kunkala mpumbu. Nasakila, yasila, kulibe. Mwambo ni kukuonesani zamene muzadya. Iyi simuzadya."

Azakhali ena anayang'ana pansi ndi manyazi. Morris anailandira mbaleyo ndi manja awiri.

"Ba mbuya, inali kumveka bwanji mukamwa?"

Ba Lukonde anakhala pansi bwinobwino, natambasula miyendo. Anayamba ndi mvula ya mu Febuluwale, ndipo zakudya zinazizira iwo akufotokozabe.