Kachigaza ka m'chitsime chathu

Chaka chimene mjigo wa kwathu ku Nkaya unauma, tinkamwa madzi a kudambo limodzi ndi ng'ombe. Mwana wanga wamkazi ankangotsekula m'mimba, mpaka timiyendo kutsala ngati mapesi. Ine ndi bambo ake tinayamba kukumba chitsime kuseri kwa nyumba ya apongozi anga, iwo m'dzenje, ine pamwamba ndi chidebe.

Tsiku limene dothi linayamba kutuluka lonyowa, m'chidebemo munabwera kachigaza kofanana ndi chibakera changa, kolemera ngati mwala, kamaenje aakulu a maso. Ndikanakhala wochenjera ndikanakaponya kutchire. Koma pakamwa pangapa sipasunga kanthu, ndinaitana anthu.

Apongozi atangokaona anakhala pansi.

"Ameneyo ndi nthayo. Kwirirani."

Kwathu mwana wobadwa wakufa amaikidwa ndi amayi okhaokha, mwakachetechete, popanda chizindikiro. Madzi a pamalo otero palibe angamwe.

Ndinakumbukira chithunzi cha m'buku la sayansi kusekondale ku Balaka: kanyama konga changa, kachibale ka anyani, kamene kanatha padziko anthu asanakhaleko, mafupa ake n'kusanduka miyala. Kaya kanali komweko kaya ayi, sindidziwa mpaka lero, koma ndinakakamira pomwepo.

"Iyayi amayi, taonani mano awa! Khanda limabadwa ndi mano osongoka? N'kanyama kakalekale aka. Madzi atsala pafupi, mdzukulu wanu akutha."

Ndinagwada, ndinalira, ndinatukwana ngakhale amuna anga amene anali chiimire m'dzenjemo. Apongozi sanayang'ane manowo n'komwe.

"Wanga woyamba anamuika kuseri kunoku, ine ndili chigonere," anatero motsitsa. "Sanandionetse malo ake. Zaka zonsezi ndimangosesa paliponse."

Anamasula mpango kumutu, nakulunga kachigaza kaja, n'kukafungatira pachifuwa. Mano aja ndinkawaonabe akutulukira pansalu. Munthu ungamulande bwanji mwana amene wangomupeza kumene?

Amuna anga anatuluka m'dzenje, nayamba kubwezera dothi lonyowa lija. Ine ndinatenga ndowa kupita kudambo. Nditabwerako nkhuni zowiritsira madzi panalibe, ndipo mwana wanga anali atatambasula kale dzanja kufuna kapu.