A Emus Agwidwa Lamulungu M'mawa

A Welhelmus Tuhuteru, amene mudzi wonse unkangowatchula kuti a Emus, anayamba kubira m'nyanja mano aubwana asanaguluke. Bambo awo anawasemera magalasi amtengo oonera pansi pa madzi, ndipo kuyambira pamenepo sukulu inkawaona mwa apo ndi apo. Pofika zaka makumi asanu ndi mphambu zisanu ndi ziwiri makutu anali atagontha pang'ono, chifuwa chili ngati mgolo, ndipo miyala ya pansi pa nyanja ya kwawo, pachilumba cha Saparua, ankaidziwa bwino kuposa mayina a adzukulu awo.

Vuto lawo linali sasi, lamulo lamakolo lotseka nyanja. Akuluakulu akamangirira masamba anthete a kokonati pamtengo kugombe, ndiye kuti nyanja yatsekedwa, palibe kutola nkhono kapena kuponya ukonde mpaka masambawo adzamasulidwe. A Emus lamuloli ankalikonda kwambiri, chifukwa linkawachotsera anthu ena onse m'madzi. Iwo ankapitako Lamulungu m'mawa, mudzi wonse uli m'tchalitchi, n'kudzalowa panyimbo yomaliza tsitsi likudontha.

"Ndi thukuta ili," ankawauza akazi awo, a Yosina. "Ndimathamanga kuopa kuchedwa."

"Thukuta lanulo limabwera ndi mchenga m'makutu?"

Zikafika pamenepo a Emus ankagontheratu.

Alonda akale a sasi atakalamba, ndipo nkhono zitayamba kusowa, achinyamata anapempha kuti ntchitoyo ikhale yawo. Akuluakulu anavomera, ndipo mtsogoleri anasankhidwa Sarlota, mwana wa mlongo wawo wa a Emus, amene anali atangobwera kumene kuchokera kusukulu ku Ambon. A Emus anaseka mpaka kutsokomola. Mwanayu anamuphunzitsa kusambira ndi iwo, ndipo ankakumbukira mmene ankalirira akaona nkhanu.

Lamulungu lachitatu nyanja itatsekedwa, a Emus anavuuka m'madzi ndi thumba lodzaza nkhono, n'kupeza Sarlota atakhala m'bwato lawo. Anzake anali atamutula pamenepo n'kubwerera. Anali mudiresi yake yoyera yakutchalitchi, atafunda ambulera.

"Amalume, ulaliki ukuyenda bwanji pansipo?"

A Emus anayang'ana thumba lija ngati aliona koyamba.

"Ndikungozisamutsa izi, mwanawe. Kuno kukuzizira."

"Zibwezereni momwemo, zizolowera. Musiye zisanu zokha zovala m'khosi."

Chilango chinali chakale lomwe: wolakwa azungulire mudzi atavala zimene waba, ng'oma ikulira pambuyo, akutchula yekha dzina lake ndi mlandu wake. Sarlota ankayembekeza kuti amalume ake achita manyazi. Koma a Emus anali asanayendepo ndi ng'oma pambuyo chibadwire, ndipo zinawakomera. Anavala malaya aukwati, ankaima pakhomo lililonse kupereka moni, ndipo atamaliza anafunsa ngati angazungulirenso kachiwiri popeza ena anali kumunda.

Chimene chinawagwetsa chinali pepala. Gulu lowaperekeza litafika pabwalo, a Emus anaona mapu amene achinyamata anakhoma pakhoma, osonyeza malo oti atsekedwe zaka ziwiri zathunthu kuti nsomba ziswane. Anayandikira, nkhono zili m'khosi, n'kuyamba kupukusa mutu.

"Wajambula izi ndani?"

"Ndife, amalume. Tinayeza ndi foni."

"Ndiye foniyo inakuuzani kuti mutseke mchenga? Apa ngakhale nkhanu imangodutsa osaima."

"Nanga nsomba zimaikira kuti?" anafunsa Sarlota mofatsa, maso ali kumbali.

A Emus analanda cholembera. Anasonyeza kuseri kwa mwala wong'ambika kumene nsomba zikuluzikulu zimasonkhana masiku atatu mwezi usanaoneke, mphepo yakum'mawa ikangoleka. Anasonyeza phanga limene nkhono zing'onozing'ono zimabisala, n'kunena kuti nkhono yosakwana zala zitatu siitoledwa, agogo awo akanakumenya nayo pamutu. Analankhula mpaka dzuwa kupendeka, achinyamata akulemba, ena akuwajambula. Pobwerera kunyumba m'pamene anaima pakati pa njira, atazindikira kuti malo onse amene ankadyerapo zaka makumi asanu awatseka okha ndi dzanja lawo.

Anakhala masiku awiri osatuluka m'nyumba. Tsiku lachitatu anapita kwa Sarlota.

"Ngati ine sindidya pamenepo, palibenso wina adye," anatero. "Ndilembe ulonda."

"Mudzandimvera, amalume?"

"Ndidzamva zimene makutu angathe."

Mudziwo sunaonepo mlonda ngati ameneyo. Njira zonse zakuba ankazidziwa, zambiri anaziyambitsa ndi iwo. Mwezi woyamba anagwira anthu asanu ndi awiri, kuphatikizapo woliza belu wa kutchalitchi, amene ankati akaliza belu loyamba n'kutsetsereka kugombe. Bwato la alendo opha nsomba ndi mabomba analizindikira ndi kulira kwa injini, ngakhale kuti kunyumba sankamva akaitanidwa kukawaza nkhuni. Kenaka tsiku lina madzi ataphwa anapeza mayi atawerama pamiyala ndi kadengu, ndipo atatembenuka anali a Yosina.

"Bambo, ndi ndiwo zanu zomwe izi."

"Lamulo ndi lamulo, mayi."

A Yosina anazungulira mudzi, ng'oma pambuyo, nkhope ili gwa. Mlungu wonse wotsatira a Emus anadya sago youma, chakudya cha ufa wa mtengo wonga mgwalangwa, ndi madzi otentha, ndipo Sarlota ankawabweretsera nsomba yootcha mobisa kuseri kwa nyumba.

Masamba a kokonati atamasulidwa patapita zaka ziwiri, nkhono zinatuluka zazikulu ngati mbale, ndipo midzi iwiri yoyandikana inatumiza achinyamata awo kudzafunsa mmene zinachitikira. Sarlota anawatumiza kwa amalume ake, amene anawakhazika padzuwa maola atatu. A Emus akadali mlonda mpaka lero. Pamsonkhano uliwonse amaopseza kuti asiya ntchito akapanda kupatsidwa wezulo, ndipo Sarlota, amene amawadziwa bwino amalume ake, amayankha kuti nkhaniyo akuiganizirabe.