Filimu ya zigawenga yandilanda pogona

Moni nonse. Andilanda pogona lero masana.

Paja ndimagona pabalaza kwa manesi anayi achimwenye a ku Kerala aja kuno ku Beaumont, landilodi osadziwa. Lero manesiwo anali pa ofu, ndiye anaika filimu ya kwawo ya Chimalayalamu, ya zigawenga zofuna kuphulitsa sitima, voliyumu mpaka kumapeto. Mayi woyandikana nafe atamva mfuti ndi kukuwa m'chilankhulo chachilendo, anaimbira apolisi, kenako landilodi.

Apolisi ataona TV anangoseka n'kumapita. Landilodi sanaseke. Pa TV panali munthu atanyamula bomba, koma iye maso anali pa matiresi anga kuseri kwa sofa. "Uyu ndani?" Manesi onse anayi anangoyang'ana kumbali, anthu oti ndimawatsukira mapoto tsiku ndi tsiku.

Landilodi wandipatsa mpaka Lachisanu kuti ndichoke. Ndili mkati molongedza, mmodzi wa manesiwo akubwera kudzandiuza kuti kumapeto chigawenga anachigwira. Ndamuyankha kuti ndaona, achigwira ndi matiresi ake omwe.

Ankolo a ku Dún Laoghaire, chipinda chija mumangosungiramo masutikesi. Zoti ndikanapanda kusiya koleji ndinazimva kale, musazibwereze. Ndiuzeni pano, onse akuona: Lachisanu ndibwere, kapena masutikesiwo azigonabe pofunda?