Ndinawotcha Matimati a Mayi Amene Ndinkawafunsira

Uchitsiru umene ndikuuzeni lero sindinauchite ndili mnyamata ayi. Ndinauchita imvi zili mbuu, mano otsala m'kamwa ali owerengeka. Ndinawotcha dimba la matimati la mayi amene ndinkawafunsira banja, ndipo nditatero ndinatseka pakamwa, mlandu n'kukagwera munthu wosalakwa. Inu owerenga, sekani ndithu, nanenso masiku ano ndimaseka, koma mukamaliza kusekako mutolepo kanthu.

Moyo wanga wonse ndinagwira ntchito pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, m'gulu la odulira tiyi. Sukulu ndinalekezera sitandade folo, koma mpeni wodulira ndinauphunzira mpaka digiri. Ife odulira tinkadziyesa madokotala a tiyi, ndipo anzathu opopera mankhwala tinkawatcha abulu osenza madzi. Amene ndinkawaseka kwambiri anali aLabisoni, kapitawo wa gulu lopopera. Ndikakumana nawo atabereka sipuleya kumsana ndinkawafunsa ngati mwanayo wayamwa kale. Iwo sankayankha. Munthu wosayankha muzimuopa.

Makuponi a fetereza atangoyamba kumene, kampani inandipumitsa ntchito. Akazi anga anali atatisiya kale, ana ali ku Limbe ndi ku Joni. Paja nyumba ya kampani ukapuma umatuluka, ndipo ine anandipatsa miyezi itatu. Makolo anga anachokera ku Mozambiki n'kufikira pa esiteti pomwepo, ndiye malo angaanga ndinalibe ngakhale pomangirira mbuzi.

Apa m'pamene maso anga anagwera amake Joyisi, mayi wamasiye wa ku Khonjeni amene tinkapemphera nawo mpingo umodzi. Musandiweruze msanga. Ndinawakonda ndithu, makamaka kaseka kawo kobisa pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Denga lawo lamalata linangothandizira chikondicho kukula mofulumira. Nditawafunsira anati aganize kaye, aone ngati manja anga amadziwa china kupatula mpeni. Chovuta chinali chimodzi: mlongo wawo, mwini mbumba, woti avomereze nkhaniyo, anali aLabisoni omwe aja.

Masiku omwewo wachiwiri kwa manijala, bwana wachichepere wa kumpoto, anasamutsidwa, ndipo ankagulitsa katundu wa pakhomo pa mtengo wongotaya. Pakhonde panali lumo lodulira mpanda loyendera batire, ndi sipuleya yoyenderanso batire. Lumolo ndinalinyoza, mpeni wanga ukanalichititsa manyazi. Koma sipuleyayo inandilowa mumtima. Yosapopa ndi dzanja, kungodina kabatani basi, iyo n'kumalira ngati njuchi, mankhwala akutuluka okha. Mtengo wake unali wa nkhuku ziwiri. Bwanayo ananena kuti batire lake ndi lofooka, n'kuyamba kundifotokozera zinanso, koma ine ndinali nditaona mlonda wina akuiponyera diso. Ndinangoti zikomo bwana, zonsezo ndikuzidziwa, n'kuibereka.

Pa thanki yake panali mzere wa penti yofiira. Ife odulira timapaka penti pa chigwiriro cha mpeni kuti usasokonekere ndi wa mnzako, choncho ndinati ichi n'chizindikiro cha bwana, anthu angamati ndaba. Ndinakhala pansi n'kupala pentiyo ndi mpeni mpaka thanki kuti mbee. M'kati munatsalira mankhwala pang'ono pansi. Ndinanunkhiza, n'kunena kuti Mulungu ndi wabwino, wandipatsa ndi basela yomwe.

Batire ndinakatchajitsa kwa wometa tsitsi ku Luchenza, ndipo Loweruka m'mawa ndinapalasa njinga kupita ku Khonjeni. Matimati a amake Joyisi anali atachita maluwa, koma akangaude ofiira anali atayamba kuwavuta, ndipo mayiwo anali atagula kale kabotolo ka mankhwala opha tizilombo. Ndinathira madzi ndi mankhwalawo pamwamba pa basela uja. Amayi a madimba oyandikana anasiya makheni awo kudzaona makina olira okha. Ine ndinkayenda m'mizere ngati nduna, dzanja limodzi lili m'thumba, kuti onse aone kuti silikupopa. Nditafika pakati pa dimba, njuchi ija inayamba kulira motsika, kenako zii. Batire latha. Amayi aja anaseka mpaka kugwirana mapewa. Ndinazika kamtengo pamene ndinalekezera, n'kulonjeza kudzamaliza tsiku lina.

Patapita masiku asanu masamba anayamba kupiringizika ndi kuchita chikasu. Sabata isanathe, theka la dimba linali ngati lapsa ndi moto. Mbali yakufayo inali yochita malire ndi dimba la mayi Edina, amene anakanganapo ndi amake Joyisi pa nkhani ya madzi a pachitsime. Amake Joyisi sanachedwe kuloza chala. Anati Edina wawathirira zoipa chifukwa cha nsanje.

Inu owerenga, tchimo langa lenileni lili pano. Nditafika kudimbako ndinaona ndi maso angawa kuti imfa ya matimati yalekezera ndendende pa kamtengo kanga kaja. Mtima unandiuza zoona nthawi yomweyo. Koma ndinakumbukira miyezi itatu ija, imene inali itatsala umodzi, ndinakumbukiranso denga lamalata, ndipo ndinazula kamtengoko mwakachetechete n'kukaponya kutchire. Amake Joyisi akudandaula, ine ndinkapukusa mutu n'kumati anthu ndi oipa masiku ano. Nkhani inafala. Anthu analeka kugula mpiru wa mayi Edina, kuchitsime mayiwo ankatunga okhaokha, ndipo kwaya ya kutchalitchi, imene ankaitsogolera ndi mawu awo okwera, anaisiya. Masiku khumi ndi limodzi ndinakhala chete, ndikudya bwinobwino.

Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi, aLabisoni anapita kukaona dimba la mlongo wawo. Anayenda mizere yonse, akutembenuza masamba. Kenako anabwera kwanga n'kupempha kuti aone makina otchukawo. Anatsegula thanki, ananunkhiza, n'kupititsa chala pamalo popalidwa paja. Anandiuza mosakweza mawu kuti pa esiteti sipuleya ya mzere wofiira ndi ya mankhwala opha udzu, siyandikira mbewu ngakhale itatsukidwa, ndipo munthu wa sabata imodzi pa gulu lawo amadziwa zimenezi.

“Abulu osenza madzi timadziwako tinthu tina,” anatero. “Tsono achimwene, mukanena nokha, kapena ndikakunenereni?”

Ndinapita ndekha tsiku lomwelo. Amake Joyisi anali pakhonde akusola nandolo. Ndinakhala pansi penipeni, osati pampando, n'kufotokoza zonse, za basela, za penti, ndi za kamtengo komwe. Anandiyankha m'Chilomwe, chimene amachita akapsa mtima kwambiri. Za matimati sanazilimbikire, anati amenewo amadzalidwanso. Chimene chinawapweteka n'chakuti ndinawasiya iwo akunamizira mnzawo, ine ndili pambali pawo ndikuthira ndemanga. Anandiuza kuti ndinyamule njinga yanga.

Kwa mayi Edina ndinapita m'mawa mwake. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti iwo sananyozedwere kuseri kwa nyumba, ndiye kupepesa kwa kuseri sakukufuna. Lamulungu lotsatira, zolengeza zitatha, ndinaimirira pamaso pa mpingo wonse n'kuulula. Nditafika pa nkhani ya dzanja m'thumba anthu anaseka. Nditafika pa kamtengo palibe anaseka.

Nyumba ya kampani ndinatuluka, n'kukatsamira kwa mphwanga ku Luchenza, m'kachipinda kosungiramo makala. Palibe amene anandituma, koma m'mawa uliwonse ndinkapalasa kupita ku Khonjeni. Ndinazula matimati akufa, ndinagalauza nthaka, ndipo aLabisoni, amene ndinawapempha ndi ulemu umene ndinawamana zaka zonse zija, anandiphunzitsa kufesa nazale. Ndinkathirira ndi makheni madimba awiri, la amake Joyisi ndi la mayi Edina, mpaka mapewa kuchita zikang'a. Theka limene batire lofooka lija linalipulumutsa linabereka kwambiri, ndipo apo mpeni wanga unapeza ntchito yochotsa mphukira ndi kusema zichiri zomangirira. Sipuleya ija aLabisoni anaipakanso mzere wofiira, wonenepa kuposa woyamba. Amake Joyisi kwa miyezi iwiri ankangondiyankha moni basi.

Tsiku lina masana ndikupumula pansi pa nthochi, ndinaona amake Joyisi akubwera ndi mbale yovundikira. Munali kalongonda. Inu a kutali mwina simudziwa: nyemba imeneyi imaphikidwa tsiku lonse, madzi ake kumataya ndi kuthira ena kambirimbiri, apo ayi imazunguza mutu. Mkazi sawonongera nkhuni zotero munthu amene wamutaya. Ndinayang'ana mbaleyo, ndinayang'ana iwo.

“Idyani, simufa,” anatero. “Ine ndimatsuka. Ndipo mukatha mukawaone achimwene anga, akuti muli ndi mawu oti muwauze.”

Ukwati tinadalitsa matimati achiwiri akupsa. Mayi Edina anabwerera kukwaya tsiku lomwelo, ndipo nyimbo ya kulapa anaiimba akuyang'ana ine. Lero ndikulemba izi ndili pakhonde la ku Khonjeni, mkamwini wa imvi, ndipo alamu anga aLabisoni akafika ndimawapatsa mpando wabwino.

Tsono abale anga, zotsika mtengo gulani, si tchimo. Koma mwini wake akamafotokoza, khalani pansi mumve mpaka amalize, ndipo chida chakale mufunse kuti chinkanyamula chiyani. Mukaona chizindikiro chimene simukuchimvetsa, kafunseni amene ntchitoyo ndi yawo, ngakhale akhale omwe mumawaseka. Chachikulu ndi ichi: matimati anameranso pa miyezi itatu, koma masiku khumi ndi limodzi amene mayi Edina anatunga madzi okha palibe khasu lingawabwezere. Mukalakwa, nenani tsiku lomwelo, mlandu wanu usanakagogode pakhomo pa munthu wina.