Nyumba Zimene Zinatsala mu Filimu ya Nsama

Inu amene mwatopa ndi kuyesa, imvani za Nsama wa ku komboni ya Kanyama.

Mvula itagwetsa nyumba yawo, Nsama anaima m'madzi ofika m'mawondo, akuyang'ana makoma amene malemu bambo ake anamanga ali gone m'matope. Mayeso a Giredi 12 anali atalephera kale. Kamera imene ankajambulira maukwati inapita ndi madzi. Iye ndi amayi ake anakakhala m'khitchini mwa azakhali ku Chawama, kumene ngakhale kutsokomola ankachita mobisa.

Ba Webster, okonza mafoni pamsika, ndi amene anamuonetsa njira. Ukamangirira mafoni awiri pathabwa moyandikana ngati maso, n'kuphatikiza zimene ajambula, woonera wovala magalasi a mbali yofiira ndi yabuluu amaona ngati walowa m'chipindamo.

Nsama anayamba kuzungulira m'komboni, kujambula nyumba zimene zinali pafupi kugwa: ming'alu, malata opsinjidwa ndi miyala, mizere yakuda pomwe madzi anafika.

Ambiri anamuthamangitsa. "Ufuna kugulisa mavuto yathu kuli bazungu?" anatero mayi wina, n'kutseka chitseko.

Foni imodzi anamulanda pasiteshoni. Filimu yoyamba inkazunguza mutu, moti ba Webster anavula magalasi n'kukhala pansi. Nsama anapeza foni ina n'kujambulanso filimu ina. Atapita nayo kunyumba ina yoonetsera zaluso m'tauni, wosankha zoonetsa sanaimalize n'komwe.

"Bantu babwera kuno kuona vokongola," anatero. "Matope bamayaona pa nyuzi."

Tsiku limenelo Nsama anabwerera wapansi. Thabwa lija analiponya kuseri kwa chimbudzi, ndipo linakhala komweko mpaka mvula ina inayamba. Atamva kuti nyumba zina zimene anajambula zagwa, anakalitola, akulira.

Patapita chaka, ba Mutale, amene ankakonza chionetsero cha zaluso zamakono, anamupatsa kachipinda kamdima kumapeto kwenikweni. Anthu ochepa amene anafikako ankawerama pakhomo lalifupi la mufilimu, ena n'kunyamula mapazi kuopa madzi amene panalibe.

Kenako panalowa ba Nkandu, bambo wachikulire wa ku Kanyama amene anali atamulola kujambula nyumba yawo. Anavala magalasi, n'kutambasula dzanja kufuna khoma la nyumba yawo mufilimumo. Filimu ikutha, Nsama anasendera kuti azimitse.

"Usazime, mwana wanga," anatero motsitsa mawu. "Iyi nyumba inagwa mu February. Nikalibe kulowa kuchipinda kwamene banamwalilila bakazi banga."

Nsama anaiyambitsanso. Anaiyambitsa mpaka alonda anabwera kudzatseka.

Sindikunamizani kuti analemera. Mpaka lero amagona m'khitchini muja, ndipo mitambo ikada, amayi ake sadya. Koma m'mawa amanyamula thabwa lake n'kupita.

Inunso, ngakhale zonse zitagwa, musaleke. Tolani chimene chatsala, mudzuke nacho mawa.