Galimoto ya Marlys Inabwera M'mabokosi

Inu amene mukuona ngati msewu wanu wathera pakhoma, imvani za Marlys Tkachuk.

Nyengo yachisanu yoyamba atatuluka m'chipatala, Marlys ankaswera pawindo m'nyumba ya mlongo wake wamkulu, Orest, pafamu yawo ya tirigu ku Manitoba, dera lozizira kwambiri la kutsidya kwa nyanja. Kupitirira minda kunkadutsa msewu waukulu, ndipo mathiraki ankapita ndi kubwera tsiku lonse. Iye ankawazindikira ndi kulira kwake kokha. Kwa zaka zambiri anali mmodzi wa oyendetsa mathirakiwo, mpaka m'mawa wina pamene anaterereka pamwamba pa katundu akumanga lona, n'kugwa chagada. Msana unathyoka. Kuyambira m'chiuno kutsika mmunsi, thupi linangoti zii.

Anthu amaganiza kuti munthu woyenda pa chikuku amakhala phee. Marlys sankakhala phee. Ankachoka pawindo kupita kukhitchini, kukhitchini kupita kukhomo, kukhomo kubwereranso pawindo, mpaka matayala a chikuku anasiya mizere pansi. Khofi ankamuiwala pena pake asanamwe n'komwe. Kampani yake yakale inamupatsa ntchito yoyankha mafoni a madalaivala ali kunyumba, koma sanaigwire nthawi. Kumva anzake akudandaula za misewu yakutali kunkamuwawa kuposa msana, choncho anazimitsa foniyo n'kuiponya m'dirowa.

"Iwe, undibowolera nyumba ndi matayala akowa," anatero Orest tsiku lina. "Vala jekete. Anthu ena akugulitsa katundu wa pafamu pa okushoni, ndikufuna pulawo."

"Pitani nokha, achimwene. Mukufuna anthu akandiunjirire ngati ng'ombe ya pamsika?"

"Ng'ombe yake yolongolola chonchi angagule ndani? Tiye."

Ku okushoniko, pakati pa mapulawo ndi matayala akutha, panali chigoba cha mapaipi owotcherera atachikhazika pa njerwa, mabokosi atachizungulira. Wogulitsa anafotokoza kuti ndi galimoto ya liwiro yogula m'zidutswa, yoti munthu amange yekha kunyumba n'kumakathamangitsa kubwalo la mipikisano. Mwini wake anatsekula bokosi limodzi, anaona kuchuluka kwa mabawuti, n'kulitsekanso.

Marlys anasendera pafupi n'kugwira chitsulocho. Chichitikireni ngozi ija, chilichonse chinali pamwamba: makabati, mashelefu a m'sitolo, nkhope za anthu. Ichi chokha chinali chachifupi, cholekeza m'mawondo mwake. Ankaona mkati monse osatukula khosi.

Wogulitsa atayamba kuitanira, dzanja la Marlys linakwera.

"Tsitsa dzanjalo!" ananong'ona Orest. "Ukudziwa kuti n'chiyani chimenechi?"

"Galimoto."

"Galimoto yake iti? Injini palibe, denga palibe, zitseko palibe. Khola la nkhuku ili."

"Ndiye mwapeza khola, achimwene. Kasendezeni ngolo tipakire."

Anachiyika m'shedi yosungira makina. Mmenemo munkazizira moti sipanala inkamata kudzanja, koma Marlys ankalowa kukacha n'kutuluka pokhapokha amukakamize kudya. Ntchito imene munthu woimirira amaichita osaganizira, iye inkamudyera theka la tsiku. Bawuti ikagwa n'kugubudukira kunsi kwa thirakitala, ankaisaka ndi ndodo yomanga maginito kunsonga. Pofuna kumanga zapansi ankatsika pa chikuku, n'kugona pa thabwa la timatayala, n'kudzikoka ndi manja. Zina ankamanga mozondoka, n'kudzazindikira atamanga kale zina zitatu pamwamba pake. Ankatukwana, n'kumasula zonse, n'kuyambiranso.

Injini anaichotsa m'galimoto ina yochita ngozi, ya giya yosintha yokha. Popeza mapazi sakanaponda kanthu, anapanga ndodo yachitsulo pambali pa chiwongolero: akaikoka galimoto ithamange, akaikankha igwire mabuleki.

Tsiku lina akuwotcherera ndodoyo anamva fungo la nyama yopserera. Anayang'ana uku ndi uku, kenako anayang'ana pansi. Inali ntchafu yake. Chitsulo chamoto chinali chitagwerapo n'kuboola buluku, iye osamva kanthu.

Bala linavuta kupola. Anagonanso m'chipatala, akuwerenga matabwa a kudenga ndi kuvutitsa manesi kuti amutulutse. Atabwerera kunyumba anapeza chitseko cha shedi chili ndi loko.

"Kiyi ali kuti?"

"M'thumba mwanga, ndipo satulukamo," anayankha Orest osamuyang'ana. "Ndinakupeza kamodzi m'chipatala uli ngati mtembo. Aka n'kachiwiri. Kachitatu sindikufuna."

"Ndiye munditsekere m'nyumba kuti ndisapse, ndisagwe, ndisachite chilichonse? Kumbani dzenje basi, achimwene, mundiyikemo. Mmenemo ndiye mulibe ngozi."

Orest anatuluka n'kumenyetsa chitseko. M'mawa mwake loko inali yotsekula, ndipo pamsomali panali patapachikidwa epuloni yachikopa yofika kumapazi.

Chisanu chachiwiri chinathera pa mawaya. Injini inkangokhosomola n'kukhala chete. Marlys anatsata waya uliwonse ndi chala kuyambira kubatire, mpaka anapeza pamene anasemphanitsa. Madzi oundana atayamba kusungunuka padenga, anapotokola kiyi, injini n'kubangula. Nkhunda zonse za m'shedi zinathawa, galu anakabisala kunsi kwa khonde, ndipo Orest anabwera akuthamanga nsapato imodzi ili m'manja.

"Khola lanu lija likulira, achimwene!" anakuwa Marlys.

Galimoto yotere siloledwa pamsewu. Anaikweza pa ngolo n'kupita nayo kubwalo lakale la ndege limene anthu okonda liwiro analisandutsa malo othamangitsira galimoto. Aliyense asanalowe ankayenera kudutsa kwa a Delorme, bambo wachikulire amene ankayendera galimoto ngati zili zotetezeka. Anagwedeza matayala, anakoka malamba, anayesa ndodo ya mabuleki mobwerezabwereza.

"Wamanga ndani?"

"Ine."

"Yamangidwa bwino, mayi. Tsopano valani chisoti, lowani, mumange malamba onse. Ndikati moto, mutuluke nokha ndisanawerenge kufika khumi ndi zisanu. Aliyense amayesedwa choncho."

Pa zonse zimene Marlys anaziganizira m'shedi muja, izi sanaziganizire. Analowa mothandizidwa ndi Orest, n'kumanga malamba.

"Moto!"

Anamasula malamba, anadzikankha ndi manja, koma mawondo anakodwa kunsi kwa chiwongolero. Anakoka mwendo umodzi ndi dzanja, winawo n'kupindika. A Delorme anamaliza kuwerenga iye akadali lendee, theka la thupi kunja, theka mkati, madalaivala ena akuyang'ana kumbali ngati sakuona.

"Lero simulowa," anatero a Delorme.

"Bambo, mukuona nokha mmene alili," anachonderera Orest. "Zaka ziwiri akuvutika ndi chinthu chimenechi. Simungamuchitire chifundo?"

"Ine chifundo ndili nacho. Petulo akayaka alibe. Ndinatulutsapo munthu m'galimoto yoyaka, ndipo sindikufunanso."

Anauyamba ulendo wobwerera kunyumba. Marlys ankangogogoda galasi ndi chala, misozi yaukali ikutsika. Orest ankaganiza kuti nkhani yathera pomwepo, ndipo chapansipansi mtima wake unapepuka. Atafika m'tauni Marlys anapukuta nkhope.

"Imani pa sitolo ya zitsulo."

"Ukufunanso chiyani?"

"Mdala uja sananame. Imani."

Nyengo yotentha kumeneko ndi yaifupi, ndipo masiku othamangitsa galimoto ndi owerengeka. Marlys ankawaona akudutsa limodzilimodzi ali m'shedi. Chiwongolero anachisintha kuti chizichoka ndi dzanja limodzi. Pa chitsulo chopingasa pamwamba pa mpando, choteteza mutu galimoto ikagubuduka, anawotchererapo chogwirira. Kenako anayala matilesi akale pambali pa galimoto n'kuyamba kuphunzira kudziponya kunja: malamba, chiwongolero, chogwirira, kukoka thupi, kugwa, kukwawa. Akagwa ankadzikweza yekha n'kuyambiranso. Zigongono zinasupuka, mapewa ankayaka usana wonse.

Orest akabwera kuchokera kumunda ankaima pakhomo n'kumawerenga.

"Wapsa!"

Marlys ankakweranso.

"Wapsanso! Ndibweretse mchere?"

"Muziwerenga ngati munthu, achimwene, osati ngati akukuthamangitsani agalu!"

Patapita milungu anachotsa matilesi aja, chifukwa kubwalo kulibe matilesi. Anayamba kugwera pa simenti. Madzulo aliwonse ankafufuza miyendo yake ndi kalilole, poti ikavulala siinkamuuza. Tirigu anacha, anakololedwa, atsekwe anayamba kudutsa kumwamba kuthawa chisanu. Tsiku lina Orest anawerenga, n'kusiyira panjira.

"Bwanji mwasiya?"

"Ndiwerengerenji, uli kale pakhomo?"

Anapitanso pa tsiku lomaliza bwalo lisanatsekedwe. Mphepo inali yozizira kale. A Delorme atamuona anavula chipewa n'kukanda mutu.

"Mwabweranso, mayi."

"Werengani, bambo."

"Moto!"

Malamba anaguluka, chiwongolero chinaulukira uko, manja anagwira chitsulo, ndipo Marlys anagwera pa phula n'kudzikoka kutalikirana ndi galimoto. Atatukula mutu, a Delorme anali asanafike ndi pa khumi ndi ziwiri pomwe. Madalaivala omwe aja amene anayang'ana kumbali ulendo woyamba anayamba kumenya madenga a galimoto zawo. A Delorme anamata kapepala kachilolezo pa chisoti chake.

"Koma mukatithamangitsire bwino. Wina aliyense wolowa koyamba amadziona ngati mphepo."

Musaganize kuti anangolowa n'kupitirira onse. Ayi. Ulendo woyamba kuzungulira bwalo, galimoto iliyonse inamudutsa, ngakhale ya gogo wina amene ankayendetsa ngati akupita kutchalitchi. Pakona yachitatu anakoka ndodo msanga, galimoto inazungulira ngati nguli n'kukathera mu udzu. Orest anagwira mpanda ndi manja onse awiri. Kenako anamva injini ikuliranso, galimoto ikutuluka mu udzumo n'kubwerera pa phula.

Pa chigawo chowongoka, pamene kale ndege zinkanyamukira, Marlys anakoka ndodo mpaka mapeto. Phula linkathamanga pafupi ndi chigongono chake, mphepo ikumenya chisoti, injini yomanga yekha ikumugwedeza chifuwa. Kwa nthawi yoyamba chigwereni pa thiraki paja, mtima wake unakhala pansi. Panalibe kwina kumene ankafuna kukhala.

Atabwerera poimikira, Orest anawerama n'kumufunsa, "Ndiye wakhutira? Tizipita?"

"Mafuta akadalimo, achimwene. Chokani kutsogoloko."

Lero Marlys amathamangitsa galimoto yake nyengo yotentha iliyonse, ndipo a gogo aja anasiya kalekale kumudutsa. Nyengo yachisanu amakhala m'shedi, kupangira anthu ena ofa miyendo ndodo zoyendetsera galimoto ndi manja. Wina akabwera ali wokhumudwa, samunyengerera ndi mawu okoma. Amamupatsa sipanala n'kumuonetsa bawuti yoti amange.

Miyendo ya Marlys sinachire, ndipo sidzachira. Mwina nanunso chimene munataya sichidzabwerera. Koma onani chimene chatsala m'manja mwanu, muyambire pamenepo. Akakubwezani pachipata, musanyanyale. Funsani chimene chavuta, kachikonzeni, mubwerenso. Mudzagwa, mudzasupuka, anthu adzayang'ana kumbali. Dzikokeni ndi manja, mukwerenso.

Mtima wanuwo musautaye, abale anga. Udakali ndi ulendo.